Dzuwa linandipeza ku Muizenberg ndisanaswali



Ndikuyamika Allah amene anatibwereka miyendo, mpweya ndi nthawi. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Ambiri a inu munaona chithunzi chija ndili ndi mendulo pakhosi, ndikumwetulira ngati munthu wopanda ngongole. Munalemba ma Masha Allah ambirimbiri, ena mpaka kunena kuti ndine chitsanzo kwa achinyamata. Zikomo, Allah akulipireni zabwino. Koma pali chinthu chimene chithunzicho sichinaonetse, ndipo chakhala chikundisowetsa mtendere. Ndinazengereza kuchilemba, chifukwa tikudziwa kuti cholakwa chimene Allah wakubisira si choti uzichilengeza ngati nkhani yonyadira. Nditawafunsa Shehe athu, anandiuza kuti ndiyang'ane kaye niya yanga: ngati ndikufuna kudzitama ndikhale chete, ngati ndikufuna kuti wina asagwe m'dzenje lomwelo ndilembe. Ndiye ndalemba.

Loweruka pa 13 Epulo 2024 ndinathamanga nawo mpikisano wa Two Oceans Marathon kuno ku Cape Town. Mpikisanowu unayamba mu 1970, ndipo ndi wa makilomita 56, kutanthauza kuti umaposa marathon wamba wa makilomita 42.2. Kwa inu amene muli kumudzi, ganizirani munthu wonyamuka ku Limbe wapansi kulunjika ku Zomba, n'kukaimira chapafupi ndi tauni. Umayambira ku Newlands, umatsikira kunyanja ku Muizenberg, umadutsa Fish Hoek ndi Noordhoek, kenako umakwera msewu wa m'phiri wa Chapman's Peak, n'kutsikira ku Hout Bay, n'kukweranso chitunda cha Constantia Nek, n'kukathera pa bwalo la University of Cape Town. Anthu amachokera maiko akutali kudzangoona kukongola kwa njira imeneyi.

Ine sindinalowe kuti ndikapambane kanthu. Cholinga changa chenicheni ndi Comrades, ya pa 9 Juni 2024, kuchoka ku Durban kukwera ku Pietermaritzburg, mtunda woposa makilomita 85, ndipo amakupatsa maola 12 okha. Othamanga ambiri kuno amatenga Two Oceans ngati pokonzekera Comrades. Akuluakulu a kalabu yathu anatiuza mobwerezabwereza kuti tsiku limenelo si lopikisana ndi munthu ayi. Ndi tsiku loyesa nsapato, loyesa zimene mimba yako imalola ukuthamanga, lophunzira kumwa madzi usanamve ludzu, lophunzira kukwera phiri popanda kupsa mtima. Chilichonse chimene udzachite ku Comrades uyambe wachiyesa pano. Mawu amenewo muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Kukonzekera kwanga konse kolemera kunagwera m'mwezi wa Ramadhan. Ndinkathamanga usiku tikachoka ku Taraweeh, nthawi zina ola limodzi tisanafuturu. Ndipo ndinene zoona, ndinkadzimva bwino kwambiri. Mwezi wonse sindinaphonye Fajr pa jamaa ngakhale tsiku limodzi. Eid inangodutsa masiku owerengeka mpikisano usanachitike, ndiye ndinafika pa tsikulo ndikudziona ngati munthu amene imani yake ili pamwamba penipeni.

Usiku wake ndinayang'ana nthawi za Swala. Mpikisano umayamba kudakali mdima, nthawi ya Fajr isanalowe. Fajr imalowa itatsala pang'ono kukwana 6 koloko, dzuwa limatuluka itangopitirira 7 koloko. Ndiye panali mpata woposa ola lathunthu. Ndinati palibe vuto. Ndichoka kunyumba ndi wudhu, ndivala kabudula wofika m'munsi mwa maondo, nthawi ikalowa ndiima penapake pambali pa msewu, maraka awiri basi, ndipitirize. Onani liwu limenelo, penapake. Madzi ndinkadziwa kuti ndimwa pa kilomita iti. Nthochi ndinkadziwa kuti ndidya pa kilomita iti. Swala yokha ndi imene ndinaiika penapake.

Poyambira pamakhala anthu zikwizikwi, kuzizira, nyimbo, kenako kulira kwa lipenga. M'mipikisano ya kuno muli chinthu chimene amachitcha basi. Si galimoto ayi. Ndi gulu la anthu lotsatira wothamanga mmodzi wodziwa, amene amanyamula kambendera kolembedwa nthawi imene akufuna kukamalizira. Iyeyo amamutcha dalaivala. Ukakwera basi sumaganizanso zambiri, umangotsatira mapazi a anzako. Pulani yanga inali yomaliza m'maola 6 ndi theka, koma nditaona kambendera ka maola 6 kakudutsa pafupi nane, mtima unati bwanji osayesa. Ndinakwera.

Tinadutsa pa mzikiti wa Claremont Main Road, umodzi mwa mizikiti yakale ya mumzinda uno, wa m'chaka cha 1854. Nthawi inali isanakwane, ndiye ndinangouyang'ana n'kupitirira mtima uli mbee. Titafika cha ku Wynberg ndinaona pa wotchi kuti Fajr yalowa. Ndinati ndiima pa malo omwera madzi akubwerawa. Titafika pamenepo panali chipwirikiti, timapepala ta madzi tili mbwee pansi, msewu wonyowa. Ndinati apa si poyera, patsogolopo. Patsogolopo panali anthu ambiri oonerera, ndipo apa ndiulule chimene chinali mumtima: ndinachita manyazi. Ine amene ndimalemba za Dini pa tsamba lino ndinachita manyazi kuti anthu osandidziwa, amene sadzandionanso, andiona ndikugwetsa nkhope pansi. Komanso basi inali ikuyenda bwino. Ndikaima mphindi zisanu, kambendera kaja sindikaonanso.

Cha ku Diep River ndinaona bambo wina wachikulire, wa imvi, ataima pa kapinga pambali pa msewu. Nambala ya mpikisano ili pachifuwa, nsapato zili kuphazi, manja atamanga. Kuchokera ku Cape Town, Qibla ili chakumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ife tinkathamangira kum'mwera. Ndiye anthu zikwizikwi tinkapita mbali imodzi, munthu mmodzi yekha atayang'ana kumene tinkachokera. Ndinamudutsa pafupi kwambiri moti ndinaona milomo yake ikugwedera. Panali malo okwanira anthu khumi pa kapinga pamenepo. Wudhu ndinali nawo. Ndinayang'ana wotchi, ndinati nthawi ilipo, ndikaswalira ku Muizenberg pamchenga, kumene kuli kokongola.

Abale anga, Shaitwani sanandiuzepo kuti usaswali. Akanatero ndikanamuzindikira msanga. Ankangoti patsogolopo, ndipo ulendo uliwonse chifukwa chake chinkamveka chanzeru.

Titatulukira kunyanja ku Muizenberg, kumwamba kunali kutayera kale. Kutsidya kwa False Bay kuli mapiri, ndipo dzuwa linali likusuzumira pamwamba pake, madzi onse atasanduka ngati moto. Anthu m'basi mwathu anakuwa ndi chisangalalo, ena anatulutsa mafoni kujambula akuthamanga. Ine m'mimba munangoti zii. Dzuwa ukaliona pamwamba pa mapiri amenewo ndiye kuti linatuluka kale. Fajr inali itapita, ndili maso, ndili ndi wudhu, ndili ndi wotchi yodula pamkono imene inkandiuza kugunda kwa mtima wanga pa mphindi iliyonse.

Pamenepo maganizo anathamangira ku nkhani imene tonse timaikonda tikaphonya Swala. Mtumiki (SAW) ndi Maswahaba ake akuchokera ku Khaybar anayenda usiku, atatopa anagona, n'kumusiya Bilal (RA) kuti awadzutse. Bilal naye tulo tinamugwira atatsamira ngamira yake, ndipo onse anadzidzimuka dzuwa litawawomba. Mtumiki (SAW) sanamukalipire. Anawauza kuti asunthe pamalopo, anapanga wudhu, anaswali, ndipo anaphunzitsa kuti amene wagona kapena waiwala aswali pamene wakumbukira. Nkhani yotonthoza kwambiri. Koma ndikuthamanga m'mbali mwa njanji ya ku St James ndinadziwa kuti nkhani imeneyi si yanga. Iwo anagona. Ine sindinagone, sindinaiwale. Ndinakumbukira pa kilomita iliyonse, ndipo pa kilomita iliyonse ndinasankha.

Ndipo chimene ndinayenera kuchita pamenepo n'chodziwikiratu: kuima pomwepo, kulapa, kubweza Swalayo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinati zapita kale, kaya ndibweza pano kaya ndikamaliza n'chimodzimodzi. Liwu lomwe lija la patsogolopo linangosintha malaya. Ndinapitiriza.

Kalk Bay, Fish Hoek, kenako msewu umasiya nyanja n'kudula chigwa kupita ku Noordhoek, kumene kuli theka la ulendo. Za chigawo chimenechi ndilibe zambiri zokamba. Miyendo inali bwino, mtima sunali bwino.

Kenako Chapman's Peak. Amene simunafikeko, sindikudziwa ndikufotokozereni bwanji. Msewuwu anachita kuusema m'mbali mwa phiri pakati pa 1915 ndi 1922, ndipo ntchito yambiri anagwira ndi akaidi. Ndi wa makilomita pafupifupi 9. Kudzanja lamanja kuli khoma la thanthwe lofiirira lopita kumwamba, malo ena atalikuta ndi maukonde achitsulo kuti miyala isagwere anthu. Kumanzere kuli kampanda kafupi, kuseri kwake phompho, pansi penipeni nyanja ya Atlantic ikumenya miyala. Amati msewuwu uli ndi makona 114. Inde, ndikudziwa kuti ma Surah a m'Qur'an aliponso 114, koma chonde wina asatenge zimenezi n'kuyamba kutumiza m'magulu a WhatsApp kuti ndi chozizwitsa. Ndi makona a msewu basi.

Kumtunda kumeneko kulibe oonerera ambiri. Kumangomveka mapazi, kupuma kwa anthu, ndi mafunde kutali pansi. Ukakhota kona imodzi umaganiza kuti wafika pamwamba, n'kupeza ina ikukudikira. Ukafika pamwamba penipeni, gombe lonse la Hout Bay limatseguka patsogolo pako, phiri la Sentinel litaima m'madzi ngati mlonda. Pakamwa panga panatuluka Subhanallah ndisanaganize n'komwe. Qur'an imatiitana malo ambiri kuti tiyang'ane mapiri, nyanja, kusinthana kwa usiku ndi usana, kuti tizindikire Mwini wake. Ndinayang'anadi, ndipo ndinazindikira. Koma pambali panga panali mzungu wina amene sindikudziwa ngati amapemphera n'komwe, nayenso ankagwedeza mutu ndi kudabwa komweko. Kusirira chilengedwe n'kosavuta, aliyense wa maso amatha. Sikukulanda mphindi ngakhale imodzi, ungathe kusirira uku ukuthamanga. Chimene Mwini phirilo anandipempha m'mawa umenewo chinali choti ndiime, ndipo chimenecho ndi chimene ndinamumana. Subhanallah wanga wa pa Chapman's Peak ndinamumva kupepuka kwake ndikumutchula.

Potsika ndinachita chimene aliyense wodziwa amakuletsa. Kutsetsereka kochoka pamwamba kukafika ku Hout Bay n'kwautali, kokoma, mphepo ikukupepesa. Ndinamasula miyendo mpaka ndinaisiya basi ija m'mbuyo. Vuto lake n'lakuti potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi imene imagwira ntchito ya mabuleki. Phazi lililonse likamenya pansi imakokeka uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi, ndipo imang'ambika pang'onopang'ono iwe osamva. Nthawi yomweyo shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakhala akutha, chifukwa wadutsa kale makilomita 30. Ngongole zonsezi sizikufunsa pomwepo. Zimakudikira pa Constantia Nek.

Ukangotuluka m'tauni ya Hout Bay umadutsa chizindikiro cha makilomita 42.2. Marathon yathunthu yatha, koma iwe watsala ndi makilomita pafupifupi 14, ndipo msewu wayamba kukwera. Ulibe kukongola kwa Chapman's Peak. Ndi mitengo, phula, ndi chitunda chimene chimanka chiwuma ukamayandikira pamwamba. Pamenepo ntchafu yanga yakumanja inakokana ngati wina waimanga mfundo. Ndinaima. Ndinayesa kuyenda, yakumanzere nayo inayamba. Basi ya maola 6 inandidutsa, dalaivala akuwerengera anthu ake mokweza, palibe amene anatembenuka. Basi imene ndinaopa kuti indisiya ndikaima mphindi zisanu inandisiya ndithu, ndili chogwira mtengo m'mbali mwa msewu.

Apa ndisamale, chifukwa ndikudziwa mmene timakondera nkhani zotere. Wina anena kuti waona, Allah anamulanga. Ine sindinganene zimenezo, sindikudziwa zobisika. Miyendo inakokana chifukwa ndinathamanga liwiro limene sindinalikonzekere, ndinatsika phiri mopusa, ndiponso m'Ramadhan sindinathamange maulendo ataliatali okwanira. Panali anthu ambiri amene sanaswali tsiku limenelo ndipo anamaliza bwinobwino, panalinso ena oswali amene anavutika kuposa ine. Swala si mankhwala a minofu, ndipo tisamawalonjeze ana athu kuti ukaswali upambana mpikisano. Chimene ndikunena n'chochepa chabe: pa chitunda chimenecho ndinataya mphindi zoposa 40 ndikuyenda ngati nkhalamba, ndipo dziko silinathe. Nthawi inalipo. Inalipo kuyambira m'mawa.

Ndikukwawa choncho ndinamva Salaam kumbuyo kwanga. Anali bambo aja a ku Diep River. Sankathamanga mwamphamvu ayi, ankangoponya timapazi tating'onoting'ono tosasintha, ngati munthu amene wakwera chitundachi kambirimbiri. Mwina anaona ndevu zangazi, kaya. Anachepetsa liwiro n'kuyenda nane pang'ono, anatulutsa tende ziwiri m'kathumba ka m'chiuno n'kundipatsa. Asilamu a kuno munthu wamkulu kwa iwe amamutcha Boeta, ngati mmene ife timanenera kuti achimwene. Ndinati, Boeta, ndinakuonani mukuswali kum'mawa kuja. Anaseka, n'kundiuza kuti kapinga kameneko ndi kawo. Anakapeza kalekale akukonzekera, amadziwa kuti pa liwiro lawo amafikapo nthawi ya Fajr italowa bwino, ndipo Loweruka lililonse akamathamanga ulendo wautali amaima n'kuswali panjira kuti thupi lizolowere kuima ndi kuyambanso. Sanandifunse ngati ine ndinaswali. Mpaka lero ndimawathokoza chifukwa chosafunsa. Anandisisita paphewa n'kupitiriza, ndipo sindinawaonenso.

Mwakumbukira mawu a akuluakulu a kalabu aja? Chilichonse chimene udzachite pa tsiku lalikulu uyambe wachiyesa. Bambo amenewa anawamva mawuwo kuposa ine. Ine ndinayesa nsapato, masokosi, nthochi, mchere. Miyezi inayi yonse sindinayesepo kuima pakati pa ulendo, thukuta lili kamukamu, anthu akundiona, n'kunena Allahu Akbar. Ndinkaganiza kuti imani yokha idzandiimitsa ikadzafika nthawi. Koma Fajr ya m'Ramadhan imene ndinkanyadira ija inali ndi zondithandiza zambiri: daku ankandidzutsa, nyumba yonse inali maso, anzanga ankagogoda pachitseko, mzikiti unali wodzaza. Ndinali m'basi. Tsiku loyamba limene basi inkapita kwina ndipo Swala inali kwina, ndinatsatira basi.

Mu Surah Al-Balad, Surah ya 90, Allah akutiuza kuti munthu analengedwa kuti azikumana ndi zovuta, kenako akukamba za Al-Aqabah. Liwu limeneli m'Chiarabu ndi njira yokwera yovuta ya m'phiri, yonga Constantia Nek yomweyi. Akumudzudzula munthu kuti sanailowe njira imeneyo, ndipo pofotokoza chimene ili, satchula phiri la miyala. Akutchula kumasula kapolo, kudyetsa mwana wamasiye wachibale kapena wosauka wotheratu pa nthawi ya njala, ndi kukhala m'gulu la okhulupirira amene amalangizana kupirira ndi chifundo. Ndakhala ndikuiwerenga Surah imeneyi kuyambira ku madrasa, koma ndinaimva bwino tsiku limenelo. Chitunda chimene ndinkachiopa miyezi yonse, chimene ndinkachiyang'ana pa mapu usiku, ndinachikwera ndithu ngakhale mokwawa. Aqabah yanga inali pa malo afulati, pa kapinga ka ku Diep River, pamene miyendo inali yamphamvu ndipo panalibe chondiletsa china koma manyazi ndi kambendera.

Ukafika pamwamba pa Constantia Nek pamakhala khamu la anthu, ng'oma, ana akukupatsa mbatata zophika zothira mchere. Kumunsi kwake kuli minda ya mphesa ya Constantia. M'dera limenelo muli manda a Asilamu oyambirira a kuno, akuluakulu amene Adatchi anawagwira kwawo ku zilumba za Indonesia cha m'ma 1660 n'kuwabweretsa kuno ali m'maunyolo, n'kuwataya kunkhalango kuti asakhale pafupi ndi anthu. Analibe mzikiti, analibe wowaitanira Adhana, ndipo chipembedzo chawo sichinkaloledwa kuchitika poyera. Mzikiti woyamba, Auwal wa ku Bo-Kaap, unadzabwera mu 1794, patapita zaka zoposa 100. Komabe Swala sinafe m'manja mwawo, ndipo mwa zipatso zake ndi bambo a imvi aja oima pa kapinga. Ine ndinadutsa pamwamba pa manda awo ndi ufulu wanga wonse, ndili ndi ngongole ya maraka awiri.

Makilomita 10 otsalawo, kudutsa ku Kirstenbosch mpaka ku yunivesite, ndinkathamanga pang'ono, kuyenda pang'ono. Ndinalowa pa bwalo patatha maola 6 ndi mphindi 48, kutatsala mphindi zochepa kuti atseke pa maola 7. Anandipatsa mendulo ya buluu, ya ife omalizira. Kuti muone kusiyana kwake, Gerda Steyn amene anapambana kumbali ya amayi anamaliza m'maola atatu ndi mphindi zosakwana 27, n'kuphwanya rekodi yake yomwe. Pamene ine ndinkalimbana ndi mtengo uja, iye anali atasamba kale.

Ndinatola timapepala ta madzi tinayi, ndinapita kuseri kwa matenti, ndinapanganso wudhu. Fajr ya tsiku limenelo ndinaiswali dzuwa lili pamutu, Dhuhr itatsala pang'ono kulowa. Maondo ankakana kupinda. Kupita pa sijida kunanditengera nthawi yaitali, ndipo kudzuka kwake ndinachita kugwira mpanda. M'mawa uja ndikanaswali mosavuta ngati kumwa madzi. Ndinakhala pansi pamenepo nthawi ndithu ndikupempha chikhululuko. Chithunzi chimene munachikonda chija anandijambula mphindi khumi pambuyo pake.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu simudzathamanga makilomita 56, ndipo mwina mukuti awa ndi mavuto a anthu okhuta. Koma taganizani za tsiku lanu lalikulu. Mayeso a MSCE kapena a ku koleji amene amayamba 1 koloko n'kutha Asr italowa. Ulendo wa pa basi wochoka ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, masiku awiri panjira. Shifiti ya kuntchito. Ukwati wa mnzako umene uli mu komiti. Mpira wa 3 koloko ku sitediyamu. Pa zonsezi timakonza chilichonse: ndalama ya thiransipoti, chovala, chakudya, ngakhale chaja ya foni. Swala timaiika penapake. Ndipo sikuti sitiikonda ayi. Ine ndimaikonda, ndipo ndinaiphonya. Mu Surah An-Nisa Allah akutiuza kuti Swala inaikidwa pa okhulupirira ndi nthawi zake zodziwika, ndipo ndime imeneyo ikubwera atangomaliza kufotokoza mmene Asilamu angaswalire ali pankhondo, gulu lina likuswali, lina likulondera. Ngakhale pamenepo panakonzedwa dongosolo: ndani ayambe, ndani aime kuti, zida zikhale pati. Sizinasiyidwe kuti aliyense adzaona mmene mtima wake udzamuuzire.

Mwina wina alemba m'munsimu kuti kuthamangako n'kumene kuli kolakwika, Msilamu alibe nthawi ya masewera. Sindikugwirizana nazo. Mtumiki (SAW) anapikisanapo liwiro ndi mayi athu Aisha (RA) kawiri, ulendo woyamba anapambana mayiwo, wachiwiri anapambana iye. Salamah ibn Al-Akwa (RA) ankadziwika pakati pa Maswahaba chifukwa cha liwiro la miyendo yake, ndipo linathandiza Asilamu. Thupi ndi amana, kulisamala n'kwabwino. Koma Shehe athu anandiuza mawu amene sanandikomere. Anati ngati ndaona kuti sindingathe kusunga Swala ndili mu mpikisano, ndiye mpikisanowo ndiusiye, ngakhale ndalipira kale. Ndalama yolembetsera Comrades ndinapereka miyezi yapitayo, tikiti ya ku Durban ndinagula, ndipo kwa munthu wa malipiro ngati anga si ndalama yochepa. Ndinakhala chete nthawi yaitali.

Kenako tinakhala pansi n'kuwerengera, monga mmene ndikanachitira poyamba paja. Mu 2024 Comrades inkayamba 5:30 m'mawa n'kutsekedwa 5:30 madzulo. Mu Juni ku KwaZulu-Natal dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko. Munthu wa liwiro langa ndiye kuti Dhuhr ndi Asr zonse zidzandipeza ndili pamsewu, ndipo sindinganene kuti ndikaswali ndikamaliza. Poti ndidzakhala wapaulendo kuchokera ku Cape Town, Shehe anandifotokozera za chilolezo chophatikiza Swala ziwirizi ndi kuzifupikitsa, ndi malamulo ake. Inu musatengere pa ine, aliyense afunse Shehe wake za ulendo wake. Anandikumbutsanso zinthu zimene ndinkazidziwa koma sindinazigwiritse ntchito: thukuta silichotsa wudhu, nsapato zikakhala zopanda najisi ungathe kuswali nazo, nthaka yoyera paliponse ndi pogwetsa nkhope, ndipo madzi a m'timapepala tiwiri titatu amakwana wudhu ukapanda kuwononga. Tsopano pa kapepala kanga ka mpikisano, pamene ndinalemba makilomita omwera madzi ndi odyera, palinso mizere iwiri yatsopano, wa Fajr ndi wa Dhuhr ndi Asr, uliwonse ndi malo ake ndi nthawi yake. Ndawonjezera mphindi 15 pa nthawi imene ndikuyembekeza kumaliza. Ndipo basi iliyonse imene ndidzakwere, ndikudziwiratu kuti ndidzatsika.

Loweruka lapitali tinali ndi ulendo wokonzekera wa makilomita 40 ndi anzanga a kalabu, kuchoka ku Sea Point kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja wopita ku Hout Bay. Tinanyamuka kuli mdima. Nditadutsa Camps Bay nthawi inali italowa, ndipo panali kamalo koimikapo magalimoto kamene ndinakaona sabata yathayo. Ndinawauza anzanga kuti pitirirani, ndikupezani. Mtima unagunda kwambiri kuposa mmene umagundira pa chitunda, ndipo manyazi aja anabweranso, osachepa ngakhale pang'ono. Magalimoto awiri anadutsa, gulu lina la othamanga linadutsa, wina anandiyang'ana kawiri. Nditapereka Salaam ndinayang'ana wotchi: mphindi 5 ndi masekondi 50. Miyendo inali itauma pang'ono, kilomita yoyamba inavuta, kenako inamasuka.

Anzanga ndinawapeza pamwamba pa chitunda cha ku Llandudno akumwa madzi. Mmodzi anandifunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi, ndimaswali. Anangoti oh, n'kundipatsa botolo.

Kwatsala masabata ochepa kuti tipite ku Durban. Mundikumbukire m'ma dua anu, ndipo muwakumbukirenso bambo a imvi aja, amene dzina lawo sindinawafunse.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.